Khunyu ndi mayina a anthu otchuka

Pa phunziro la matenda a ubongo takhala tikuwerenga za khunyu, ndipo chimene chandichedwetsa kwambiri ndi mndandanda wa anthu otchuka amene akuti ankadwala matendawa, monga Julius Caesar, Napoleon, Vincent van Gogh ndi wolemba mabuku wa ku Russia Fyodor Dostoevsky. Otchula mayinawa amafuna kulimbitsa mtima odwala, ndipo cholinga chawocho ndimachilemekeza, koma umboni wa ambiri mwa anthuwa ndi wosalimba.

Za Caesar timazimva kwa olemba mbiri yakale Plutarch ndi Suetonius, amene analemba patatha zaka zoposa 100 iye ataphedwa mu 44 BC, ndipo madokotala ena lero amaganiza kuti chinkamugwetsa chinali sitiroko yaing'ono yobwerezabwereza. Dokotala wa ku Germany Hans Berger anayeza koyamba mphamvu ya magetsi mu ubongo wa munthu mu 1924, njira imene lero imathandiza kupeza khunyu, kotero amene anakhalako kale timawaweruza ndi nkhani za owaona okha, pamene kukomoka kuli ndi zoyambitsa zambiri.

Dostoevsky yekha ndiye sakayikitsa, pakuti ankalemba m'makope ake masiku amene wagwa. Zimene ankadandaula ndizo zandikhudza: akagwa ankatha masiku ali wofooka, mutu uli wolemera, akuiwala zinthu, ntchito yolemba itaima pamene ngongole zikumudikira. Mu 1878 mwana wake Aleksei anamwalira atatsala pang'ono kukwanitsa zaka zitatu atagwidwa ndi matenda akugwa. Munthu wotereyu sindingathe kunena kuti khunyu linamupatsa luso, monga ankaphunzitsira dokotala Cesare Lombroso wa ku Italy, amene ankati nzeru zapadera ndi mtundu wina wa khunyu. Ndikuona kuti Dostoevsky analemba mabuku ake akulimbana nalo.

Maganizo a Lombroso amandivuta pa chifukwa china. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi khunyu padziko lonse, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana asukulu, alimi ndi ogulitsa pamsika, amene sayenera kukhala akatswiri kuti tiwalandire kapena kuti tileke kuwathawa poopa thovu la m'kamwa mwawo, lomwe silipatsira matenda. Bungweli limatinso anthu okwana 70 mwa 100 alionse angaleke kugwa atapezeka bwino ndi kulandira mankhwala oyenera. Mankhwala a phenobarbital, amene akuperekedwabe m'zipatala zathu, anayamba kuthandiza odwala khunyu mu 1912, patatha zaka 31 Dostoevsky atamwalira.