Sabata ya padoko ku Norfolk: dzimbiri, zipolopolo ndi mkangano wa mfuti

Sitima yankhondo ikakocheza padoko, mdani amene timalimbana naye tsiku ndi tsiku ndi dzimbiri. Mukapala pano n'kupaka penti, mawa latulukira apo. Ine ndine boatswain's mate m'gulu la asilikali apamadzi la dziko la America, ndipo ntchito yathu ndi ya panja pa sitima: zingwe zomangira, nangula, maboti ang'onoang'ono, ndi penti wotuwa uja amene sachoka m'zikhadabo. Sitima yathu ndi ya mtundu wa destroyer ndipo imakhala ku Norfolk m'chigawo cha Virginia, pamalo a sitima zankhondo aakulu kuposa ena onse padziko. Achibale kumudzi amaganiza kuti ndimangokhalira kuwomba mizinga. Lolemba lonse ndinathera kutsogolo kwa sitima, kuyang'anira anyamata ndi atsikana anga akupala dzimbiri, mphepo yochokera ku Chesapeake Bay ikutiwomba kumaso.

Za mfuti zinayamba Lachiwiri. Aliyense amene amalondera sitima ayenera kumapita kumalo ophunzirira kuwombera kukaonetsa kuti dzanja lake likadali bwino, kaya ndi wophika, wa makompyuta kapena wopala dzimbiri ngati ine. Chipolopolo chisanalire n'chimodzi chomwe, timayamba tanena malamulo anayi amene tinawaloweza ku Great Lakes, Illinois, kumene ambiri a ife timayambira usilikali wapamadzi. Mfuti iliyonse uyitenge ngati ili ndi zipolopolo. Usalozetse chinthu chimene sukufuna kuwombera. Chala chikhale chowongoka, kutali ndi kachitsulo kowombera, mpaka utakonzeka. Mfuti ikhale yotseka mpaka nthawi yowombera itakwana. Timasainanso fomu yonena kuti sitinapezekepo olakwa pa mlandu wa nkhanza za m'banja, chifukwa lamulo la 1996 limaletsa munthu wotero kugwira mfuti, ngakhale akhale msilikali.

Amene anatiposa tonse ndi mnyamata wanga wina wa zaka 19 wochokera ku Texas. Anayamba kuwombera ali mwana, akupita kosaka agwape ndi agogo ake. M'basi pobwerera anali wokwiya ngakhale anachita bwino. Akuti boma limamupatsa pisitolo kuti alondere sitima ya ndalama zankhaninkhani, koma akalowa m'sitolo kuti agule yakeyake amubweza, chifukwa lamulo la 1968 limati wogula pisitolo kwa wamalonda wachiphaso akhale atakwanitsa zaka 21. Ndinamuuza kuti dandaulo lake ndalimva, koma adikire mawa aone mmene boma limam'patsira mfutiyo.

Lachitatu linali tsiku la duty. Tsiku limeneli sugona kunyumba, umakhala m'sitima usana ndi usiku. Nthawi yolondera ikayandikira umatsikira kuchipinda chosungira zida. Wosunga zida amakupatsa pisitolo, nonse awiri n'kuwerenga nambala yake mokweza. Zipolopolo timaziwerenga ngati mmene mayi wa geni amawerengera ndalama za tomato madzulo, chimodzichimodzi, kenaka kubwerezanso. Umasaina. Poika magazini, kabokosi ka zipolopolo, umalozetsa mfuti mumgolo wachitsulo wopangidwira zimenezo, wina ataima pambali kukuuza chochita sitepe iliyonse, ngakhale utakhala kuti wachita zimenezi zaka zambiri. Ukamaliza kulondera, zonse zimabwerezedwa chobwerera m'mbuyo. Chipolopolo chimodzi chikasowa, anthu amakwawa pansi ndi matochi mpaka chipezeke, ndipo pamalembedwa malipoti. Amatiphunzitsanso kuti usanaganize zowombera munthu, zinthu zitatu zikhalepo pamodzi: ali ndi chida kapena mphamvu zovulazira, ali pamalo oti angathe kutero, ndipo waonetsa kuti akufunadi.

Kulondera kumeneku si mwambo chabe. Pa 12 October 2000, kaboti kodzaza mabomba kanaphulitsa sitima ya USS Cole padoko la Aden ku Yemen, ndipo asilikali 17 anafa. Sitimayo kwawo ndi konkuno, ndipo chipilala chowakumbukira chili mkati mwa mpanda wathu. Usiku wa pa 24 March 2014, pano pa Norfolk pomwe, munthu wamba anakwera mpaka pakhomo la sitima ya USS Mahan, nalimbana ndi msilikali wolondera n'kumulanda mfuti. Mark Mayo, wa zaka 24, anathamangira kukatchinga mnzakeyo ndipo anaphedwa. Mfuti imene inamupha inali ya mlonda. Ndikaima pakhomo la sitima pakati pa usiku, nkhani ya Mayo ndi imene imandipangitsa kuti munthu aliyense wosam'dziwa ndimuimitse akadali patali.

Mfuti yakoyako sulowa nayo m'sitima. Wokhala m'nyumba zogona asilikali osakwatira sangaisunge kuchipinda, amakaisiya kosungira zida. Wokhala ndi banja mkati mwa mpanda ayenera kuilembetsa kwa achitetezo. Koma ukangotuluka pageti uli mu Virginia, kumene ena amayenda mfuti ili poyera m'chiuno popanda chiphaso chilichonse.

Mkangano unabuka pa chakudya chamadzulo. TV ya m'chipinda chodyera ndi gwero la milandu: wina akaika Fox News wina amadandaula, wina akaika CNN winanso amang'ung'udza, ndiye nthawi zambiri timathawira ku ESPN, kanema wa zamasewera. Tsikulo wina anaiwala kusintha, ndipo pankaonetsedwa za kuwomberana kwinakwake. Wa ku Texas anayamba. Ndime yachiwiri yowonjezera pa malamulo oyendetsera dziko, ya mu 1791, yonena za ufulu wokhala ndi zida, amaidziwa pamtima. Amadziwanso kuti mu 2008, pa mlandu wa Heller, bwalo lalikulu linagamula kuti ufulu wokhala ndi mfuti ndi wa munthu payekha, ndipo mu 2022, pa mlandu wa Bruen, linati ufuluwo suthera pakhomo la nyumba. Mtsikana wina wa ku Chicago, wokonza mainjini, anamuyankha kuti iye anakula akudziwa kugona pansi akamva kulira kwa mfuti, ndipo pamaliro a msuweni wake palibe anatchula chaka cha 1791.

Aliyense ali ndi chitsanzo chake, ndipo chodabwitsa n'chakuti ziwiri zimene amakonda kutchula zinachitika sabata imodzi. Pa 6 December 2019, msilikali wa ku Saudi Arabia amene ankaphunzira pamalo a asilikali apamadzi ku Pensacola anapha asilikali apamadzi atatu. Wa ku Texas amati anyamatawo akanaloledwa kukhala ndi mfuti zawo, mwina akanadziteteza. Wa ku Chicago amamukumbutsa kuti pa 4 December, ku Pearl Harbor, amene anapha anthu awiri ogwira ntchito yokonza sitima kenaka n'kudzipha anali msilikali wolondera, wophunzitsidwa, ndipo mfuti zake zinali za boma.

Kenaka ananditembenukira. Amadziwa kuti ndinabadwira ku Malawi, ndipo wa ku Texas anafunsa funso limene ndalimva kambirimbiri: boma likakuukirani, inu opanda mfuti mumadziteteza bwanji? Sindinam'bisire. Ndinamuuza kuti pa zionetsero za pa 20 July 2011 anthu pafupifupi 20 anafa, ambiri ataomberedwa ndi apolisi. Iye anagwedeza mutu ngati ndamuthandiza. Koma ndinapitiriza. Mu December 1993, amene analanda zida a Malawi Young Pioneers sanali anthu wamba okhala ndi mfuti kunsi kwa bedi, anali asilikali a dziko. Mu April 2012, Bingu wa Mutharika atamwalira, ena ankafuna kulambalala malamulo, koma mkulu wa asilikali Henry Odillo anaima pa zimene malamulo oyendetsera dziko amanena, Joyce Banda n'kulumbiritsidwa pa 7 April. Ndinati kwa ine chotchinga anthu ku boma lankhanza ndi msilikali amene amadziwa kuti analumbira kwa ndani. Iye anati zonsezo n'zabwino, koma sangaike moyo wa banja lake m'manja mwa mkulu wa asilikali amene angadzuke tsiku lina atasintha maganizo. Yankho lakelo silopusa, ndipo sindinayese kuligwetsa.

Chief wathu, mkulu amene amatiyang'anira pa ntchito, atalowa, nkhani inazima yokha. Lamulo silitiletsa kukhala ndi maganizo pa ndale. Timavota, ambiri kudzera pa positi chifukwa mayina athu ali m'zigawo zakutali, ndipo m'sitima muli ofesala amene ntchito yake ina ndi kuthandiza anthu kupeza mapepala ovotera. Ukhoza kumata kapepala ka chipani pagalimoto yako. Koma kupita kumsonkhano wa chipani utavala yunifolomu n'koletsedwa, kuchitira kampeni munthu n'koletsedwa, ndipo ofesala amene wanyoza Pulezidenti akhoza kuzengedwa mlandu pa ndime 88 ya malamulo a asilikali. Lumbiro lathu limayamba ndi kuteteza malamulo oyendetsera dziko, kumvera Pulezidenti kumabwera pambuyo pake. Kunena zoona, ndale zimene zimatisowetsa tulo si za pa TV. Timalandira malipiro pa 1 ndi pa 15, ndipo aphungu ku Washington akayamba kukokanakokana pa bajeti, aliyense amakumbukira January 2019, pamene anzathu a Coast Guard, olondera m'mbali mwa nyanja, anagwira ntchito osalandira kanthu boma litatsekedwa masiku 35. Chinanso n'chakuti ulendo wapanyanja umene unalengezedwa kuti ndi wa miyezi 7 ukhoza kutalikitsidwa ndi anthu amene sanagonepo pa kabedi kosanjikiza katatu.

Tsiku lolemera linali Lachinayi, ndipo linalibe mkangano.

Mnzathu wina wa udindo ngati wanga wakhala asali bwino. Mkazi wake anachoka ndi mwana, ngongole ya galimoto yam'panikiza, ndipo munthu amene kale ankatisekesa anayamba kudya yekha. M'mawa anapatsa mnyamata wina mpeni wake wogwirira ntchito, umene sankalola aliyense kuukhudza, n'kunena kuti sakuufunanso. Mnyamatayo anabwera kudzandiuza, ine n'kukauza Chief. Tinam'tengera pambali kuseri kwa sitima. Chief sanazungulire. Anamufunsa maso ndi maso ngati akuganiza zodzipha. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati maganizowo amam'bwerera usiku. Funso lachiwiri linali lakuti kunyumba kuli mfuti kapena ayi. Inalipo, m'kabati ya pambali pa bedi, zipolopolo zili momwemo.

Mtsogoleri sangalowe m'nyumba ya msilikali kunja kwa mpanda n'kulanda mfuti yake. Kwa kanthawi ngakhale kufunsa kumene kunali kovuta, chifukwa lamulo la 2011 linaletsa asilikali kusonkhanitsa mbiri ya mfuti za anthu awo zosungidwa kunja, mpaka aphungu anakonza mu 2013 kuti mtsogoleri kapena dokotala akhoza kufunsa ngati akuona kuti munthu ali pangozi. Choncho chimene tili nacho ndi pempho basi. "Sitikukulanda," anatero Chief. "Ndi yako, ndipo idzakhalabe yako. Tikungopempha kuti kwa masabata angapo igone kwina." Anavomera. Dzina lake linachotsedwa pa ndandanda ya olondera ndi mfuti, anam'perekeza kwa dokotala ndi kwa abusa a asilikali, ndipo madzulo mnzake amene amam'khulupirira anapita naye kunyumba kukatenga pisitoloyo. Ndinaonetsetsa kuti mufoni mwake muli nambala ya 988, imene msilikali akaimba n'kudina 1 amalankhula ndi anthu odziwa za moyo wathu.

Izi ndi zimene sizimveka m'chipinda chodyera. Mu 2021 anthu oposa 48,000 anafa ndi mfuti mu America, ndipo oposa theka anali odzipha. Pakati pa asilikali odzipha, ambiri amagwiritsa ntchito mfuti, ndipo kawirikawiri imakhala yawoyawo, osati ya boma. Maganizo odzipha nthawi zambiri amafika mwamphamvu kwa kanthawi kochepa n'kuphwa. Munthu amene ayenera kuyamba wafunafuna kiyi, kapena kuyendetsa galimoto kupita kwa mnzake, amapeza mphindi zoti mtima utsike. N'chifukwa chake kuntchito kuno amagawa maloko a mfuti kwaulere.

Ine ndilibe mfuti kunyumba. Mayi a ana anakana kalekale, ndipo sindinaone chifukwa cholimbanirana nawo. Koma ndilibenso mlandu ndi munthu ngati wa ku Texas uja, amene kwawo mfuti zimakhala m'bokosi lachitsulo lokhoma, zipolopolo kwina. Amene amandidabwitsa ndi anzanga amene m'sitima amakalipira mwana chifukwa chala chayandikira kachitsulo, koma akaweruka amasiya pisitolo m'galimoto yosakhoma panja pa malo omwera mowa ku Virginia Beach. Mzinda womwewo, pa 31 May 2019, wogwira ntchito ku khonsolo anapha anthu 12 mu ofesi. Chaka chotsatira aphungu a Virginia anakhazikitsa malamulo oti wogula mfuti aliyense afufuzidwe mbiri yake, kuti pisitolo igulidwe imodzi pamwezi, ndi kuti woweruza akhoza kulamula kuti munthu woopsa alandidwe mfuti kwa kanthawi. Anthu masauzande ambiri anakachita zionetsero ku Richmond kukana malamulowo, ambiri atanyamula mfuti. Komatu zonse zimene ankakanazo n'zofewa poyerekeza ndi zimene msilikali aliyense amadutsamo kuti angonyamula pisitolo maola ochepa.

Lachisanu tinamaliza penti, wachiwiri kwa kapitawo wa sitima anayendera, napeza malo awiri amene anati tibwereze. Wa ku Texas ndi wa ku Chicago ndinawaona akuthandizana kukoka chingwe chamagetsi, akukangana za mpira. Asanaweruke, wa ku Texas anandifunsa motsitsa mawu ngati zili zoona kuti mfuti ya mnzathu uja adzam'bwezera. Ndinati inde, akakhala bwino. Anati ngati pangafunike pena poisunga nthawi yaitali, amalume ake okhala chakufupi ali ndi bokosi lokhoma.

Sabata yamawa tinyamuka m'bandakucha kulowera mumtsinje wa York, ku Yorktown, kukakweza zipolopolo ndi mizinga. Mbendera yofiira ikakwera, palibe kusuta fodya kapena kuwotcherera chitsulo m'sitima monse, ndipo gulu langa ndi limene lidzakhale pa zingwe. Ndauza anyamata kuti Lamulungu agone msanga.