Zikomo nonse, nkhani ya Abiti wa pa mlatho yatha

Abale anga, buku lija latha. Ndati ndikuthokozeni pagulu pompano chifukwa kunena chilungamo pakanapanda inu bwenzi pano ndikungofotokoza pakamwa kuti ndinkalemba kanthu kenakake.

Amene mwangotipeza kumene, nkhaniyi ndi ya mtsikana wa pa boma pompano pa Mangochi, masana amakhala pa kabenchi kake kotumizira ndalama pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, kulimbana ndi a kabaza nkhani ya chenji, koma kukada ndi mlonda wa Shire. Udindowo anamusiyira ndi agogo ake akuchikazi. Ntchito yake ndi yoperekeza anthu amene anamira pa nyanja kuti adutse bwinobwino osakwera kumtunda kudzasokoneza m'tauni, ndipo lamulo lake ndi limodzi basi, asagone kutali ndi madzi olo usiku umodzi. Ndiye kwabwera mnyamata wa ku Namwera, pasipoti ili m'thumba, akuti tiye ku Joni tikayambe moyo. Mavuto ayambira pamenepo.

Maganizowa anandipeza pa nsanja ya wotchi ija ya Queen Victoria ya 1903. Pafupi pomwepo pali chikumbutso cha sitima ya Vipya imene inamira mu 1946 ndi kupha anthu 145, timadutsapo daily koma owerenga ndi ochepa. Vipya inamira kutali, kumpoto uko, koma nyanja yathu yonseyi khomo lake lotulukira ndi limodzi, Shire, ndiye ndinadzifunsa kuti ngati madzi onse amadzera pansi pa mlatho wathuwu, nanga omira aja amadzera kuti? Amene mumati nkhani zamatsenga za m'tauni zimakhala bwino zikachitikira ku London, bwerani mudzaime pa mlatho paja cha m'ma 2 koloko usiku magetsi atazima.

Tsopano chimene ndikuthokozera kwambiri. Mu 2024 nyanja itakwera, madzi analowa m'nyumba imene tinkachita lendi chakugombe. Sanabwere ndi phokoso ai, amangosendera pang'onopang'ono, lero pa mpanda mawa pakhonde. Makope anga anali mu katoni pansi pa bedi, potsegula ndinapeza masamba amatana, inki yayenderera, peji yonse yabuluu osaoneka olo dzina. Foni nayo inagwera momwemo tikusamutsa katundu. Ndinalemba mu gulupu yathu ya WhatsApp pa foni ya achemwali kuti basi anzanga ndasiya, ndipo sindinkanena mwanthabwala.

Inu ndiye simunamve. Munayamba kufukula mafoni anu, wina sikirinishoti ya mutu wachitatu, wina theka la mutu wina lodukira pakati pa chiganizo, bando yanuyanu. Amayi ena amene ali ku Johannesburg anali atasunga ma voice note onse amene ndinkawerenga ndekha nkhaniyi, mpaka tambala wa aneba akumveka kumbuyo, ananditumizira usiku akaweruka ku ntchito. Mayi, mukudzidziwa, Mulungu akuonjezereni pamene munachotsapo. Mphwanga amene unakhala pansi ndi kutayipa zonsezo pa laputopu yobwereka, ngongole yako ndikuidziwa.

Achemwali ndi alamu, munatisunga pa nyumba panu ana ndi katundu yemwe, simunatiwerengere nsima. Zikomo.

Asodzi a ku Makawa nanunso, munandilola kukhala nanu pa mchenga mukusoka ukonde wa chilimira ndi kundifotokozera ntchito ya siginala, mmene amakhalira yekha pa bwato ndi nyali kuitana usipa mwezi ukakhala mumdima, komanso mmene mwera umasinthira madzi kukazizira. Mutu umene ambiri munaukonda, wa nyali zoyenda zokha pa nyanja, unachokera pakamwa panu. Sikomo kwejinji achimwene.

Koma mkangano wanu uja eee! Theka la gulupu likuti apite ndi mwamuna, moyo ndi wake, mizimu idziwa yokha. Ena akuti akachoka tauni imira. Amene analemba zondikhudza kwambiri ndi azimayi amene amuna awo ali ku Joni, wina anati iye funso limeneli amalidziwa bwino popanda mzimu uliwonse, amafuna kutsatira bambo koma amayi ake odwala awasiyira ndani. Nditawerenga zimenezo mathero amene ndinali nawo poyamba ndinawataya, anali ophweka kwambiri.

Musandifunse ku inbox kuti wasankha chani, sindiyankha, olo inu alamu. Mutu womaliza ndiuponya Lachisanu madzulo, ndipo amene munatumiza ma sikirinishoti ndi ma voice note muulandira m'mawa ena asanauone. Zosindikiza ndikufufuzabe mitengo ku Blantyre, ndikuuzani zikatheka.