Kuika HardInfo pa Lubuntu kuti mudziwe zam'kati mwa kompyuta yakale

Makompyuta ambiri amene amafika m'manja mwathu kuno ku Mchinji ndi a kaunjika, ena ochokera ku Lilongwe, ena olowera pa chipata cha Mwami kuchokera ku Chipata, ndipo kawirikawiri amabwera opanda bokosi kapena pepala lililonse lofotokoza zimene zili m'kati mwake. Kuyambira pa 14 Okutobala 2025, pamene kampani ya Microsoft inathetsa chisamaliro cha nthawi zonse cha Windows 10, eni makompyuta otere akhala akufunsa chochita, popeza Windows 11 imafuna RAM, memore imene kompyuta imagwiritsa ntchito ikamayendetsa mapulogalamu, yosachepera 4 GB komanso kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0, kamene malaputopu ambiri akale alibe. Ine ndimawalangiza kuika Lubuntu, mtundu wa Linux wopepuka umene umayenda bwino ngakhale pa makina ofooka. Ngati purosesa, ubongo wa kompyuta, ili ya mtundu wakale wa 32-bit, ndimasankha antiX, mtundu winanso wa Linux wopepuka, chifukwa Lubuntu inasiya kutulutsa mtundu wa 32-bit zaka zapitazo.

Koma kuika Lubuntu sikumaliza ntchito. Mwini kompyuta amafuna kudziwa ngati angawonjezere RAM, ngati hadi disiki yake idakali ndi moyo, ndiponso chifukwa chimene laputopu imazimira yokha masana a mu Okutobala. Kasitika komatidwa pafupi ndi kiyibodi sikangayankhe mafunso amenewa, ndipo nthawi zina kamasocheretsa, chifukwa makina odutsa m'manja ambiri amakhala atasinthidwa ziwalo. Nchifukwa chake pulogalamu yoyamba imene ndimaika ndikangomaliza Lubuntu ndi HardInfo, imene imaonetsa ziwalo zimene zili m'kati mwa kompyuta.

Kaikidwe kake nkosavuta. Mukadina Ctrl, Alt ndi T nthawi imodzi, terminal, zenera lolembamo malamulo, imatseguka, ndipo mumalemba sudo apt update, kenaka sudo apt install hardinfo. Ikakufunsani mawu achinsinsi, lembani ngakhale pasikirini pasaoneke kanthu, pakuti Linux imabisa zilembozo mwadala. Pa mitundu yatsopano pulogalamuyi imapezeka ndi dzina la hardinfo2, choncho dzina loyambalo likakanidwa muyese lachiwirili. HardInfo yakale imaoneka pa mndandanda wa mapulogalamu ndi dzina la System Profiler and Benchmark, ndipo ambiri amaisowa poifunafuna ndi dzina limene analemba poika.

Nkhani ya bandulo ndi yofunika kuitchula, chifukwa ambiri a ife timalumikiza kompyuta ku intaneti kudzera pa foni ya Airtel kapena TNM. HardInfo payokha ndi yaing'ono kwambiri. Chimene chimadya bandulo ndi lamulo loyamba lija la sudo apt update, limene limakopera mndandanda wa mapulogalamu onse opezeka. Amene akusamalira makompyuta angapo a Lubuntu yofanana, monga m'chipinda cha makompyuta pasukulu, angathe kulemba apt download hardinfo pa makina amodzi, kusunga fayilo ya .deb pa flashi, nkukaiika pa enawo ndi sudo apt install ./ kutsogolo kwa dzina la fayiloyo. Akumbukire kokha kuti pulogalamuyo ikafuna tizidutswa tina timene palibe pa makinawo, nato tiyenera kukoperedwa.

Mukaitsegula, kumanzere kumaoneka zigawo za kompyuta, zipangizo, netiweki ndi mayeso a liwiro. Pa gawo la zipangizo ndi pamene pali phindu: dzina lenileni la purosesa, zipangizo zolumikizidwa pa PCI ndi USB, batire, hadi disiki ndi kutentha kwa makina. Dzina la kachipangizo ka Wi-Fi ndi lofunika kwambiri, chifukwa malaputopu ena akale okhala ndi ka kampani ya Broadcom salumikizika mpaka mutawaikira dalaivala yapadera, kapulogalamu koyendetsa kachipangizoko, ndipo simungapeze dalaivala yoyenera musanadziwe nambala ya kachipangizoko. Mayeso a liwiro aja ine sindiwawerengera kwenikweni. Amapereka manambala osangalatsa kuwaona, koma sathandiza munthu amene akulingalira ngati agule chiwalo kapena ayi.

Pa nkhani ya RAM ndiyenera kunena mosabisa kuti HardInfo yakale siikwanira. Imaonetsa kuchuluka kwa RAM imene ilipo, koma funso la wogula ndi lina: kodi ndi ya mtundu wanji, ndipo pali malo otsala oikapo ina? Yankho limapezeka polemba sudo dmidecode -t memory, lamulo limene limawerenga zimene BIOS, kapulogalamu kokhala m'bolodi lalikulu la kompyuta, inasunga, nkuonetsa chiwerengero cha malo oikamo RAM, amene ali opanda kanthu, mtundu wake, liwiro lake, komanso malire a RAM imene bolodi lingalandire. Mitundu ya RAM ya DDR2, DDR3 ndi DDR4 siilowana, chifukwa kampata ka pansi pake kali pa malo osiyana. Chovuta kwambiri ndi DDR3 ndi DDR3L, zimene zimaoneka zofanana ndipo zimalowa pa malo amodzi, komabe yoyamba imafuna mavoti 1.5 pamene yachiwiri imayendera 1.35, ndipo pali malaputopu amene sayaka ndi DDR3 wamba. Kuchoka pa boma la Mchinji kukafika ku Lilongwe ndi ulendo woposa makilomita 100, ndipo kubwerako ndi RAM yosagwira ntchito ndi kutaya ndalama ya minibasi kawiri, osawerengera kuti wogulitsa angakane kuilandiranso.

Hadi disiki nayo imafuna chida chakechake. Mukaika pulogalamu ya smartmontools nkulemba sudo smartctl -a /dev/sda, mumaona maola amene disikiyo yagwira ntchito chipangidwire, pamodzi ndi mzere wa Reallocated_Sector_Ct umene umasonyeza malo owonongeka. Nambala imeneyi ikamakwera, ndimauza mwini wake kuti asamutse msanga zikalata zake zonse, ndipo ndalama imene amafuna kugulira RAM aigwiritse ntchito pogula SSD, disiki yamakono yopanda ziwalo zozungulira, imene imafulumizitsa makina akale koposa. Za kutentha, pulogalamu ya lm-sensors imathandiza HardInfo kuwerenga madigiri, ndipo akakhala okwera makina asakugwira ntchito yolemetsa, kawirikawiri vuto limakhala fumbi la m'chilimwe limene latseka fani.

Kwa amene akufuna kufunsa thandizo kwa katswiri wakutali, HardInfo imatha kupanga lipoti limene mungatumize pa WhatsApp. Ine ndimakonda pulogalamu ina yotchedwa inxi, imene imabwera kale mu antiX ndipo pa Lubuntu imaikidwa ndi sudo apt install inxi. Lamulo la inxi -Fxz limatulutsa chidule cha makina onse pa tsamba limodzi, ndipo chilembo z chija chimabisa manambala odziwitsa makina anu ndi adiresi ya netiweki, kotero kuti mungatumize lipotilo pagulu popanda nkhawa. Pokagula laputopu ya kaunjika, ndi bwino kunyamula flashi yokhala ndi antiX, kupempha wogulitsa kuti muyatsire makinawo pa flashiyo popanda kukhudza disiki yake, nkuwerenga lipoti la inxi musanakambirane za mtengo.