Kagalimoto ka alamu kanagona pa Bridge of Orchy

A tcheyamani a gulu lathu la Amalawi okhala ku Manchester anandiuza kuti ndilembe mmene tinayendera ku Scotland, kuti inu amene munatsala chifukwa cha mashifiti musamangodalira zithunzi ndi mphekesera. Mphekeserayo ndaimva. Akuti tinachita ngozi yoopsa, ena mpaka akuti galimoto inagubuduzika. Sinagubuduzike, ndipo palibe amene anavulala ngakhale chala. Koma poti ine ndinali m'galimoto ikunenedwayo, ndifotokoza zonse, ndipo alamu anga avomera kuti ndisawaikire kumbuyo.

Tinalipo anthu 16, akuluakulu 12 ndi ana anayi, ndipo tinanyamuka ku Manchester Lachisanu lomaliza la Januwale kunja kusanache. Galimoto zinali zitatu. Ina inali ya hayala ya mipando 9, yoyendetsa a tcheyamani, yodzaza anthu, zikwama, ufa, mapoto ndi ndowa ya mandasi. Ina inali kagalimoto kakale ka mayi athu a namwino aja, amene anagwirapo ntchito zaka zitatu ku Inverness asanasamukire kuno. Yachitatu inali Mazda MX-5 yofiira ya alamu, imene anagula mu Juni chaka chatha, ndipo kuyambira pamenepo makutu athu sanapume. Ndi ya mipando iwiri, denga lake limapindika, ndipo ndi yaifupi moti ukalowamo umaona ngati wakhala pamphasa. Mpando wachiwiriwo unagwera ine. Ndinasangalala, ndisaname.

Tinaima pa Tebay kuti timwe tiyi tisanakwere chitunda cha Shap pamsewu wa M6. Anthu akuthamangira m'kati kukafundidwa, a namwino anatsalira panja. Ananyonyomala pafupi ndi tayala lakumbuyo la alamu n'kuyamba kuwerenga zolembedwa m'mbali mwake.

"Achimwene, matayalawa ndi a nyengo yanji?"

"Ndi atsopano awa, Amayi. Taonani mizere yake, chala chikulowa."

"Sindinafunse kuti munagula liti. Kachizindikiro ka phiri kali pati?"

Alamu anaseka, inenso ndinaseka nawo. Tonsefe tinakula tikudziwa kuti tayala ndi mizere. Kwathu ukamagula tayala, kaya la m'sitolo kaya la kaunjika, umapisa chala m'mizeremo, ukaona kuti silinasalale, basi wagula. Ngakhale lamulo la kuno limayang'ana zomwezo: mizere isachepere mamilimita 1.6, ndipo ukapezeka ndi losalala chindapusa chimatha kufika mapaundi 2,500 ndi mapointi atatu pa laisensi, pa tayala limodzi lokha. Alamu anali kutali ndi mlandu umenewo. MOT, chiphaso chosonyeza kuti galimoto inayesedwa ndipo ndi yoyenera kuyenda pamsewu, inali yatsopano, inshuwalansi ilipo. Ndiye tinkaona ngati mayiwo akungofuna kutikumbutsa kuti iwo anakhalako kumpoto.

Tinafika ku Blantyre chakumasana. Inde, Blantyre mwini dzina. Ndi katawuni kofatsa m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, kufupi ndi Glasgow, ndipo a msungichuma atatsika anayang'ana uku ndi uku n'kufunsa kuti minibasi za ku Ndirande amakwerera pati. Tinalowa m'nyumba yoyera ya Shuttle Row mmene David Livingstone anabadwira pa 19 Malichi 1813. Banja lonse linkakhala m'chipinda chimodzi, mabedi ake olowa m'khoma ngati makabati. Ali ndi zaka 10 anayamba ntchito pafakitale ya thonje, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, akaweruka n'kupitanso kusukulu. Ana athu aja amene amadandaula akatumidwa kutsuka mbale anangoti kukamwa yasa. Panja pali chiboliboli chachikulu cha mkango utalumphira Livingstone, m'pamene tinajambulitsa chithunzi chija munachiona. Blantyre wathu anatengera dzinali mu 1876, amishoni a Church of Scotland atakhazikika kumeneko. Usikuwo tinagona ku Glasgow.

Loweruka tinadzuka magalasi a galimoto zonse atachita ayezi, moti tinachita kupala ndi makadi a kubanki. Pa dashibodi ya Mazda pankaonetsa madigiri 4 pansi pa ziro. Chenjezo loyamba linabwera tisanatuluke n'komwe mumzinda. Pa raundabauti ina alamu atangoponda moto, kumbuyo kwa galimoto kunagwedezeka ngati mchira wa mlamba, kanyali kachikasu kakuphethiraphethira.

"Ndi mmene kamachitira," anatero alamu. "Kali ndi mphamvu kameneka."

Tinalowa msewu wa A82, umene umatsata gombe la Loch Lomond. Kupitirira Tarbet ndi wopapatiza, wokhotakhota, mbali ino thanthwe mbali inayo madzi, koma anali atathiramo mchere ndipo tinayenda bwino. Tinapambana ndi chimodzi mwa zimalole zomwaza mcherezo. Ku Scotland amazipatsa mayina a nthabwala, moti china amachitcha Sir Andy Flurry potengera katswiri wa tenesi uja. Pofika Crianlarich mapiri anali atayera mbuu, ndipo pa Tyndrum sinowo inali m'mbali mwa msewu, ana akukuwa kuti tiime aumbe chidole. Paulendo wonsewu iwo chimene ankafuna chinali chimenechi, ndipo akuluakulufe tinali titawalonjeza. Walira mvula walira matope. Ponyamuka pa Tyndrum a namwino anati iwo akhala kumbuyo kwa onse, ndipo anasiya mpata waukulu pakati pa ife ndi iwo. Ine ndinaganiza kuti kagalimoto kawo kakulephera kutipeza.

Ukadutsa Bridge of Orchy, msewu umazungulira Loch Tulla kenako umayamba kukwera kupita ku Rannoch Moor, chidambo chachikulu chopanda nyumba, kumene anazika timizati m'mbali kuti sinowo ikakwirira phula uzidziwa pamene msewu uli. Mphepo inkauluza sinowo kuchokera m'dambomo n'kumaiyala pamsewu. Sitinkathamanga ayi. Ndinayang'ana ndekha, tinali pa mamailosi 30 pa ola kapena kucheperapo.

Chimene ndikukumbukira kwambiri ndi bata. Phokoso lija la matayala pa phula, limene munthu sulizindikira mpaka litasiya, linangoti zii. Pakona yokwera alamu anawonjezera moto pang'ono kuti galimoto isafooke pachitunda, ndipo kumbuyo kunayamba kutipitirira. Pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati munthu wopempha njira. Alamu anapotoza chiwongolero, anaponda buleki, pansi pa phazi pawo pakumveka kugugudza kwa ABS, chipangizo choletsa matayala kumangika ukaponda buleki, koma galimotoyo sinamve kanthu. Ndinaona phiri, kenako nyanja, kenako nyali za a namwino zikutiyang'ana kumaso. Tinaima titaloza kumene tinachokera, matayala akumbuyo atatsikira m'ngalande yodzaza sinowo. Wailesi inali ikuimbabe.

"Alamu, muli bwino?"

"Ndili bwino, alamu. Inu?"

Manja awo anali akadali pa chiwongolero, akunjenjemera. Msewu umenewu mumadutsa malole ndi mabasi, koma pa mphindi imeneyo kunalibe chimene chinkatsika. Pamenepo ndilibe chonena china koma kuthokoza Mulungu.

A tcheyamani anaima pamalo oimikapo magalimoto pamwamba pa chitundacho, amuna n'kubwerera wapansi. Zokankha galimoto ife sitichita kuphunzitsidwa. Amene anayendapo m'makande a ku Chikwawa nthawi ya dzinja akudziwa: nthambi ndi miyala pansi pa tayala, amuna anayi kumbuyo, mmodzi wowerengera. Koma pamene tinali nthambi uitenga kuti? Tinayala timakapeti ta m'galimoto, ndipo alamu atangoponda moto kamodzi kanauluka ngati mbale n'kukagwera kutali m'dambo. Matayala ankangozungulira pamalo amodzi, akupukuta sinowo mpaka kusanduka galasi.

Apa m'pamene a namwino anandiitana, osati mokalipa.

"Bambo mlembi, tabwerani. Dinani apa ndi chikhadabo."

Ndinadina tayala la Mazda. Linali gwa, ngati beseni la pulasitiki.

"Tsopano dinani langa."

Lawo linalola, chikhadabo chinalowa pang'ono. Mphira wake unali ndi timing'alu tambirimbiri topyapyala ngati tocheka ndi lezala, ndipo m'mbali munali kaja ankafunsa ku Tebay: kaphiri ka nsonga zitatu, m'kati mwake muli kanyenyezi ka sinowo.

Tayala la m'chilimwe, limene galimoto zambiri za kuno zimagulitsidwa nalo, mphira wake anaupanga kuti uzimata pa phula lofunda. Kukazizira kufika cha m'ma digiri 7 kutsika m'munsi, mphirawo umayamba kuuma. Suchita kudikira sinowo, msewu wonyowa wozizira ndi wokwanira. Tayala la m'chisanu mphira wake umakhalabe wofewa, ndipo timing'alu tija timatseguka n'kumaluma pansi. A namwino awo ndi a pakatikati, oyenda nawo chaka chonse, koma anayesedwa pa sinowo, n'chifukwa chake ali ndi kaphiri. Ndiye onjezani kuti Mazda ija imakankhidwa ndi matayala akumbuyo, ndi yopepuka, kulemera kwake kungopitirira pang'ono tani imodzi, ndipo m'buti munali tizikwama tiwiri tokha. Ya a namwino imakokedwa ndi akutsogolo, injini itawatsamira. ABS ndi kanyali kachikasu kaja si mankhwala. Zimangothandiza tayala limene likugwira pansi, likakhala silikugwira nazonso zimasowa pogwira.

Chimene chikundichititsa manyazi n'chakuti Highway Code, imene tonse tinaloweza pofuna laisensi, imanena zimenezi. Imati pa ayezi mtunda woimira ungachuluke kakhumi, ndiponso kuti pa ayezi matayala sachita phokoso. Ine pamayeso ndinakhoza bwinobwino. Pamsewu ndinamva bata lija n'kumaganiza kuti tafika pa phula labwino.

Ku Britain kulibe lamulo lokakamiza matayala a m'chisanu, ndipo ndikuona kuti n'chimene chimatigonetsa tulo. Ku Germany ukapezeka pa sinowo kapena pa ayezi ndi matayala ngati a alamu, apolisi amakulipiritsa. Ku Sweden amafunika kuyambira pa 1 Disembala mpaka pa 31 Malichi msewu ukakhala wa chisanu. Kuno amakusiya ndi nzeru zako, ndipo poti ku Manchester sinowo imagwa lero mawa yasungunuka, ambirife sitiganizako n'komwe.

Amene anatitulutsa ndi bambo wina wa komweko, wa pikapu yamatope, galu ali pampando wakutsogolo. Sanafunse zambiri. Anapempha kachitsulo kokokera kamene kamakhala m'buti, kamene alamu sankadziwa n'komwe kuti kalipo, anakapotokola kutsogolo kwa galimoto, n'kutikoka ngati akukoka mbuzi. Atamasula chingwe anagunda tayala ndi nsapato, nati galimotoyo ndi yokongola, tidzabwere nayonso mu Julaye. Ndalama anakana. Mandasi analandira atatu, limodzi anapatsa galu.

Panali kukangana pang'ono pamenepo, ndipo ndilembe poti ili ndi lipoti. Alamu ankafuna kupitiriza, akuti aziyenda pang'onopang'ono, ndipo achinyamata awiri anawavomereza. A namwino anati kutsogoloko msewu ukukwerabe mpaka mamita pafupifupi 350, kenako kuli chitsetserekero cha ku Glencoe, ndipo ndi matayala amenewo kukwera n'kwabwinoko kusiyana ndi kutsika. Dzuwanso mu Januwale limalowa 5 koloko isanakwane. A tcheyamani anadula mlandu: Mazda ibwerere ku Bridge of Orchy. Tinatsika pa giya yachiwiri, a namwino akutiperekeza. Mtunda wake ndi waufupi, koma thukuta linandituluka m'kuzizira konseko.

Poti m'galimoto zinazo mipando inali yodzaza, ine ndi alamu tinasiya Mazda pa siteshoni n'kudikira sitima ya ku Fort William, kumene tonse tinkakagona. Zimadutsa zochepa patsiku, ndiye tinazizidwa mokwanira. Koma chilango chimenechi chinali chokoma. Njanji ya West Highland imalowa pakati penipeni pa dambo la Rannoch kumene msewu sufika, n'kukaima pa Corrour, siteshoni yokwera kuposa zonse pa njanji zikuluzikulu za ku Britain, mamita 408, popanda msewu wa anthu onse wofikapo. Tinaona agwape ataima m'sinowo akutiyang'ana. Alamu sanayankhule mpaka Spean Bridge, pamene anangoti, "Koma mizere inalipo."

Madzulo amayi anaphika nsima ndi nkhuku m'nyumba imene tinachita lendi, ndipo nkhani inali imodzi yokha. Ben Nevis sitinamuone, anali m'mitambo. Achimwene athu a ku Mulanje atamva kuti phiri lalitali kuposa onse ku Britain ndi la mamita 1,345 anati palibe chimene taphonya, Sapitwa ndi 3,002. Ana anaumba chidole chawo chija panja, anachiveka chitenje.

Lamulungu kunafunda, sinowo ya mumsewu inasanduka madzi. Ine ndi alamu tinakwera basi ya ku Glasgow, tinaona Glencoe pa zenera, n'kutsikira pa Bridge of Orchy. Mazda tinaipeza mmene tinaisiyira, itangopalika pang'ono kunsi kwa bampala. Tinabwerera ku Manchester tili pakati pa galimoto ziwirizo, ndipo palibe lole imene alamu anaipitirira.

Pamsonkhano wa mwezi uno pali nkhani ziwiri zochokera paulendowu. A namwino akupempha kuti ulendo uliwonse wa pakati pa Novembala ndi Malichi, galimoto zopita ziziyamba zaonedwa matayala, ndipo ya hayala tizifunsa kuti ili ndi otani tisanalipire. Inayo ndi ya matikiti a sitima ndi basi: alamu akuti thumba la gulu liwabwezere, a msungichuma akuti ayi, amene sanamve pa Tebay alipire yekha. Ine pa nkhani imeneyi sindivota, chifukwa tikiti ina ndi yanga.

Alamu anakafunsa kale mitengo ku galaja. Ankafuna kusintha awiri akumbuyo okha, koma makaniko anawauza kuti akatero galimoto izinyamuka bwino koma izikana kukhota ndi kuima, ndiye ndi onse anayi kapena asiye. Pakadali pano Mazda yaphimbidwa ndi lona mpaka Epulo, ndipo kuntchito akupita pa basi. Amene ali ndi kakapeti ka mbali ya pasinjala kosagwiritsa ntchito awauze, chifukwa kathu kaja kanatsala m'dambo la Rannoch.