Ndinakacheza kwa amuna anga ku Canada mapepala a ukwati asanatuluke

Amuna anga amakhala ku Calgary ndipo ndi nzika ya Canada. Titamanga ukwati, anatumiza pempho ku IRCC, nthambi ya boma la kumeneko yoona za anthu olowa m'dzikomo, kuti ndikakhale nawo mpaka kalekale ngati mkazi wawo. Tinasankha njira imene amaitcha outland, yomwe mapepala amayenda mwini wake ali kunja kwa Canada. Njira inayo, inland, imafuna kuti nonse awiri muzikhala nyumba imodzi m'dzikomo, ndipo akakukanani mulibe mwayi wochita apilo ku Immigration Appeal Division monga ulili kwa a outland. IRCC imati imayesetsa kumaliza mapempho otere m'miyezi 12. Pa pepala miyezi 12 si kanthu, koma kwa banja latsopano lomwe likukhalira pa WhatsApp, wina akudzuka mnzake akukagona, ndi nthawi yaitali zedi. Ndiye tinapangana kuti podikirapo ndipemphe viza yongokacheza.

Nkhaniyi itangomveka, alangizi anachuluka. Langizo limene ndinalimva kwambiri linali lakuti ndisatchule za ukwati, ndingolemba kuti ndikukaona mnzanga kapena kukaona malo, chifukwa ati akadziwa kuti kuli mwamuna aganiza kuti sindidzabwerera. Langizo limeneli ndi loika munthu m'mavuto. Aliyense amene ali ndi fayilo ku IRCC amapatsidwa nambala yakeyake yotchedwa UCI, ndipo pempho lililonse limene angatumize limagwera pa nambala yomweyo. Pasipoti ndi imodzimodzi, zidindo za zala ndi zomwezo. Ofesala woona pempho la viza yocheza akangotsegula kompyuta, pempho la ukwati lili pomwepo. Gawo 40 la lamulo lawo, Immigration and Refugee Protection Act, limati wonama kapena wobisa mfundo yofunika amaletsedwa kulowa m'dzikomo kwa zaka 5, ndipo bodza limodzi lotere likhoza kugwetsa ndi pempho la ukwati lomwe.

Chodabwitsa n'chakuti palibenso chifukwa chobisira. Lamulo lomwelo, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2002, pa gawo 22(2) limavomereza kuti munthu akhoza kukhala ndi zolinga ziwiri nthawi imodzi: kufuna kudzakhazikika m'tsogolo, komanso kufuna kungocheza panopa. Iwo amati dual intent. Chimene ofesala amafuna kutsimikiza n'chimodzi basi, chakuti nthawi imene akupatseni ikatha mudzatuluka, ngakhale mapepala a ukwati atachedwa kapena atakanidwa. Makalata ambiri okana viza yocheza amatchula ndime 179(b) ya malamulo ang'onoang'ono, ndipo ndime imeneyi ikunena zomwezi. Nditamvetsa izi, ndinasiya kudzifunsa kuti ndibise chiyani, n'kuyamba kudzifunsa kuti ndionetse chiyani chosonyeza kuti ndili ndi chobwererera.

Ndinadikira kaye kalata ya AOR, yotsimikiza kuti pempho la ukwati lalandiridwa ndipo lapatsidwa nambala. Mutha kupempha viza yocheza kalatayi isanabwere, koma ine ndinaona kuti kukhala nayo m'manja kumachititsa nkhani yonse kumveka. Mu May 2023 nduna yoona za anthu olowa m'dzikomo ya nthawiyo, Sean Fraser, inalengeza kuti mapempho a viza yocheza a anthu amene akudikira mapepala a ukwati aziyendetsedwa mwachangu, ndipo njira yosavuta yosonyezera kuti muli m'gulu limeneli ndi kalata yomweyi.

Pamene ndinathera nthawi yambiri ndi pa kalata yofotokoza cholinga cha ulendo. Si yokakamiza, koma ndi malo okhawo amene mumalankhula ndi ofesala m'mawu anuanu. Yanga inali ya tsamba limodzi. Chiganizo choyamba chinanena dzina langa, dzina la amuna anga, tsiku la ukwati wathu ndi nambala ya pempho lomwe likuyenda. Kenako ndinalemba tsiku lofika ndi tsiku lonyamuka, kumene ndikagone, ndi amene alipire chiyani. Chakumapeto ndinalemba mawu awa: "Ndikudziwa kuti viza iyi ndi yocheza chabe. Ndidzabwerera ku ntchito yanga pa tsiku limene tchuthi changa chikutha, ndipo yankho la pempho la ukwati ndidzalidikirira kwathu." Amuna anga ankafuna tiwonjezeremo za mmene tikusowerana, mmene amalephera kugona, ndi zina zotero. Ndinawauza kuti bambo, zimenezo mundiuze ineyo pa foni. Ofesala sakukayika kuti timakondana, ndipo chikondicho n'chimene chikumuopsa kuti ndikakhaliratu.

Kumbuyo kwa kalatayo ndinaikako setifiketi ya ukwati, AOR, kalata ya abwana anga yonena udindo wanga, malipiro anga ndi masiku enieni a tchuthi, mapepala a nyumba imene ndimachita lendi, ndi masitetimenti a ku banki a miyezi ingapo. Pa za banki pali msampha. Anthu amakonda kubwereka ndalama zambiri n'kuziponya mu akaunti kutatsala sabata kuti atumize pempho. Zimaonekeratu. Ndalama zochepa zolowa mwezi ndi mwezi kuchokera ku ntchito yodziwika zimakhulupirika kuposa chimulu chongotulukira chopanda kochokera. Popeza amuna anga ndi amene ankalipira gawo lalikulu la ulendo, tinanena zimenezo poyera, iwo n'kuikapo kalata yondiitana, kope la pasipoti yawo ndi umboni wa malipiro awo.

Fomu ya viza yocheza ndinaidzaza nditatsegula pambali kope la mafomu a pempho la ukwati. Masiku amene ndinayamba ntchito, maadiresi, maiko amene ndinapitako, mayina a abale, zonse ndinaonetsetsa kuti zikufanana chilembo ndi chilembo. Palinso funso lakuti kodi munakanidwapo viza ya dziko lina lililonse. Ngati zinachitika, ngakhale kalekale, yankho ndi inde. Ndinalipira madola 100 a ku Canada a viza. Amene sanaperekepo biometrics amalipiranso madola 85 n'kupita ku ofesi yolandirira mapempho a viza kukatengedwa zidindo za zala ndi chithunzi, ndipo pa maviza ocheza zimenezi zimagwira ntchito zaka 10.

Tikiti ya ndege sindinagule mpaka pasipoti itabwerako ndi chomata cha viza. Posankha njira, kumbukirani kuti dziko la United States limafuna viza yakeyake ngakhale kwa munthu wongosintha ndege pabwalo, choncho tikiti yotsika mtengo yodzera New York kapena Washington ikhoza kukhala yopanda ntchito. Mabwalo ena a ku Ulaya nawonso amafuna viza yodutsira malingana ndi pasipoti imene muli nayo, ndiye funsani musanalipire. Ine ndinagula tikiti yopita ndi yobwerera, tsiku lobwerera likugwirizana ndi limene ndinalemba m'kalata.

Viza m'pasipoti imangokulolani kukwera ndege n'kukafika pa chipata. Wotsegula chipatacho ndi ofesala wa CBSA, nthambi ina yoyang'anira malire, ndipo amakufunsani pabwalo loyamba limene mwatera m'Canada, osati kumene mukuthera ulendo. Ndege yanga inatera ku Toronto Pearson, ndiye mafunso anali komweko ndisanakwere ya ku Calgary. Siyani mpata wokwanira pakati pa ndege ziwirizo.

Poyamba mumaima pa makina, kuikapo pasipoti, kujambulidwa, kuyankha mafunso a katundu, makinawo n'kutulutsa kapepala. Ngati mwanyamula ndalama zokwana madola 10,000 a ku Canada kapena kuposerapo muyenera kunena. Nditafika kwa ofesala anayang'ana kapepalako, kenako ine.

"Mwabwera kudzatani?"

"Kudzaona amuna anga."

"Amakhala kuno?"

"Inde, ku Calgary. Anatumiza pempho loti ndidzakhale nawo, likuyendabe. Panopa ndangobwera kudzacheza, ndibwerera tsiku lakuti."

Anapempha tikiti yobwerera, n'kufunsa ntchito imene ndimagwira. Ndinali nditaika mapepala onse mu envelopu imodzi m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi, ndipo ndinatulutsa kalata ya abwana yokha chifukwa ndiyo imayankha funsolo. Anaiwerenga, n'kundibwezera pasipoti. Ena amatumizidwa ku chipinda china kukafunsidwa mozama, ndipo zimenezo pazokha si kukanidwa. Yankhani chimene mwafunsidwa, mwachidule. Ndinasamalanso za katundu: sutikesi imodzi ya zovala. Munthu amene wati wabwera kudzacheza koma wanyamula masetifiketi onse a sukulu ndi katundu wa nyumba yonse akudzitsutsa yekha asanatsegule pakamwa.

Musanachoke pamalopo yang'anani m'pasipoti. Ngati ofesala walemba tsiku, tsiku limenelo ndilo malire anu. Ngati sanadinde kapena kulemba chilichonse, nthawi zambiri mumaloledwa miyezi 6 kuchokera tsiku lolowa. Tsiku lothera viza lomwe lili pa chomata ndi nkhani ina, limangonena mpaka liti mungagwiritse ntchito vizayo polowa.

Ndili kumeneko pempho la ukwati silinaime, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amatayirira chifukwa cha chisangalalo. Tinalembera IRCC kudzera pa fomu yawo ya pa intaneti kuwadziwitsa kumene ndili ndi tsiku lobwerera. Imelo ndinkaiona tsiku lililonse, ndi bokosi la spam lomwe, chifukwa makalata awo amabwera ndi masiku owerengeka oti muyankhe. Kalata yoti ndikapimidwe kuchipatala inandipeza ndili ku Calgary. Sapita kwa dokotala wamba, koma kwa amene ali pa mndandanda wovomerezedwa ndi IRCC, ndipo madokotala otere alipo m'Canada momwemo, choncho sindinafunikire kubwerera. Zotsatira zake zimagwira ntchito miyezi 12. Chimene chikanandibweza msanga ndi kuitanidwa kukafunsidwa maso ndi maso, chifukwa pa outland akhoza kukuitanani ku ofesi ya viza ya kunja imene ikuyendetsa fayilo yanu. Si onse amaitanidwa, koma tinasunga ndalama yapadera yosinthira tikiti.

Mlendo saloledwa kugwira ntchito kwa olemba ntchito a m'Canada popanda chilolezo, ngakhale kaganyu kothandiza mnzawo wa amuna anu m'sitolo. Sakhalanso pa inshuwaransi ya zaumoyo ya boma la chigawo, ndipo chipatala kwa munthu wodzilipirira n'chodula kwambiri, ndiye inshuwaransi ya paulendo ndinagula ndisananyamuke. Tinasunganso ziphaso zokwerera ndege ndi zithunzi zingapo tili ndi apongozi ndi alamu anga. Pempho la ukwati limayezedwa poona ngati banjalo ndi lenileni, ndipo ulendo ngati uwu ndi umboni wabwino kuposa mauthenga a pa foni mazanamazana.

Tsiku lobwerera litayandikira, mtima unayamba kukana. Njira zotsalira mwalamulo zilipo. Mutha kupempha visitor record kuti akuwonjezereni nthawi, pa madola 100, ndipo amalangiza kutumiza kutatsala masiku 30 nthawi yanu isanathe. Mukatumiza nthawi isanathe, mumaloledwa kukhalabe podikira yankho. Chilengezo cha 2023 chija chinatsegulanso mwayi woti amene ali ndi AOR ndipo akukhala limodzi ndi amuna kapena akazi awo m'Canada apemphe chilolezo chogwira ntchito, ngakhale pempho lawo ndi la outland. Malamulo otere amasinthasintha, choncho werengani pa webusaiti ya IRCC tsiku limene mukufuna kuwagwiritsa ntchito. Tinakambirana usiku wonse. Ine ndinasankha kubwerera, chifukwa ntchito inali kundidikira, komanso ndinali nditalemba ndi dzanja langa kuti ndidzabwerera. Sindikunena kuti wotsala walakwa. Koma ndinaona kuti pempho likanakanidwa kapena kuchedwa, ndikanafunanso kudzacheza, ndipo mbiri yoti ndinalowa n'kutuluka pa nthawi yake ikanandilankhulira.

Zimene ndafotokozazi ndi za Canada, musazitengere kwina osafufuza. Ku United States gawo 214(b) la lamulo lawo limamuona aliyense wopempha viza yocheza ngati wofuna kukhazikika mpaka iye atatsimikiza kuti si choncho, motero wokhala ndi pempho la ukwati amafunsidwa zolimba. Ku United Kingdom munthu amene walowa ngati mlendo sangasinthe n'kupempha viza ya ukwati ali m'dzikomo, ayenera kutuluka kaye.

Kalata yopempha pasipoti inafika nditabwerera kale, ndipo inandipatsa masiku 30 oti nditumize. Pasipoti imabwerako ndi chikalata chotchedwa COPR, chotsimikiza kuti mwaloledwa kukhazikika, ndipo chimakhala ndi tsiku lothera lomwe kawirikawiri limatengera kutha kwa zotsatira za kuchipatala kapena kwa pasipoti, chimene chayambirira kutha. Popeza ndinapimidwa ndili ku Calgary kuja, miyezi ina inali itadyeka kale, ndiye sabata yomweyo ndinapereka notisi ku ntchito ndi kwa eni nyumba, amuna anga n'kuyamba kufufuza tikiti yopita kokha.