Mapu amodzi, mphindi zisanu

Ku kalasi yathu yamadzulo ku Braamfontein tinapatsidwa ntchito yakuti aliyense aime kutsogolo mphindi 5, aonetse zithunzi, akope anzake kuti achitepo kanthu. Ine ndinasankha nkhani ya thumba la maliro. Ife a kuno ku Joni timaidziwa bwino nkhaniyi: mnzathu akatisiya, uthenga umazungulira pa WhatsApp, timayamba kusonkherana thupi lili kale ku mochale.

Ndinakonza masilaidi (masamba oonetsa pakhoma) 14 odzaza mawu. Loweruka ndinakayeserera pamaso pa anzathu a kwaya ku Rosettenville. Nditamaliza, mayi wina wachikulire anati, "Mwanawe, maso athu ali pakhoma kuwerenga, iwenso watifulatira ukuwerenga zomwezo. Nanga timvere ndani?"

Mawuwo anandilasa mtima. Usiku womwewo ndinafufuta pafupifupi zonse, n'kutsala ndi masilaidi atatu. Yapakati inali mapu basi, mzere wofiira kuchoka ku Johannesburg, kuwoloka Limpopo pa Beitbridge, kudutsa Harare mpaka Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kukalowa kwathu pa Mwanza. Zipata zitatu za m'malire, chilichonse chofuna mapepala ake. Ndikanazitchula pakamwa pokha zikanangokhala mayina, koma pa mapu munthu amaona yekha kutalika kwa njira imene bokosi limayenda.

Aphunzitsi anali atatiuza za Aristotle, Mgiriki amene zaka zoposa 2,300 zapitazo anati wokopa anthu amadalira zitatu: kuti omvera amukhulupirire, kuti awafike pamtima, ndiponso kuti mfundo zake zikhale zomveka. Ine choyambacho ndinkachipeputsa. Koma pa tsikulo, nditanena kuti ndinaperekezapo maliro a msuweni wanga pa njira imeneyi, anthu anaika mafoni pansi. M'kalasimo muli a ku Zimbabwe, Lesotho ndi Congo, ndipo mtsikana wina wa ku Zimbabwe anagwedeza mutu chala changa chitafika pa Beitbridge.

Chinandivuta kwambiri n'kukhala chete. Mapu ataonekera ndinawerenga chamumtima mpaka zisanu ndisanalankhule, miyendo ikunjenjemera. Pomaliza ndinapempha chinthu chimodzi chokha, kuti aliyense afunse anthu a kwawo sabata yomweyo ngati ali ndi thumba lotere.

Lamlungu likubwerali ndikaonetsa mapu omwewo kutchalitchi, m'Chichewa tsopano. Kulibe pulojekita, ndiye ndawajambula ndi cholembera cha maka papepala lalikulu.