Nkhope ya mayi mumthunzi ndi manambala a pa bokosi la sikana

Bambo anga anasiya mafilimu odzadza chitini cha mabisiketi, ambiri ndi ma slide a Kodachrome, ena ndi ma negative wamba. Mwezi wonsewu ndakhala ndikuwasikana ndikaweruka, koma pali chithunzi chimodzi chandisowetsa tulo, mayi atakhala pakhonde dzuwa likuswa mtengo, nkhope yawo ili mumthunzi wa denga. Ndikachiloza pa windo ndi maso angawa nkhope ikuoneka, ngakhale maluwa a pa duku lawo, koma ndikangochiika mu sikana pamatuluka pakuda bii, ndikati ndiwalitse pa kompyuta pamadzadza timadontho tofiira ndi tobiriwira ngati mchenga.

Nkhani yake ndi ya dynamic range. Kuda kwa filimu amakuyeza ndi density, ndipo imakwera mochulukitsa ndi 10. Pa density 1 kuwala kodutsa ndi gawo limodzi mwa 10, pa 2 limodzi mwa 100, pa 3 limodzi mwa 1,000, ukafika pa 4 ndiye katsala kamodzi mwa 10,000 basi. Ukatenga malo akuda kwambiri omwe sikana ikuonabe kanthu, aja amati Dmax, nkuchotsapo malo oyera kwambiri, Dmin, chotsalacho ndiye dynamic range. Ma negative a kala savuta kwenikweni chifukwa sada kwambiri. Ma slide ndiye mavuto, mafilimu a Kodachrome ndi Velvia mithunzi yake imapitirira density 3.

Tsono apa mpomwe ndikufuna anzanga mumvetse musanataye ndalama. Nambala ya dynamic range yolembedwa pa bokosi la sikana nthawi zambiri imangochokera ku ma bit. 8 bit imawerenga masitepe 256, pa density ndi 2.4, 12 bit ndi 4,096 yomwe ndi 3.6, 16 bit ndi 65,536 yomwe ndi 4.8. Nikon Coolscan 5000 ED mwachitsanzo ndi ya 16 bit ndipo inalembedwa 4.8, masamu omwewo. Ma bit ndi ofunika inde, akachepa mithunzi imaduka masitepe, koma amangonena kuti makina atha kuwerenga mpaka pati, sakunena kuti sensa, kachipangizo koona kuwala mkati mwa sikana, yaona chani.

Chomwe chimadula malire enieni ndi noise ya sensa. CCD, yomwe ndi mtundu wa sensa ya mu sikana, imatulutsa timagetsi take tosokoneza ngakhale mulibe kuwala, ikatentha timachuluka, ndiye pamalo akuda pomwe kuwala kodutsa nkochepetsetsa, timagetsi timeneti timakwirira chithunzi. Zili ngati kumvetsera munthu akunong'ona uli mchigayo, makutu angakhale abwino bwanji mawu atayika basi. Nchifukwa chake ma drum scanner, omwe amagwiritsa chubu chokuza kuwala kochepa, photomultiplier tube, mmalo mwa CCD, amakumba mithunzi mozama kuposa ma flatbed athu oika filimu pagalasiwa, kungoti mtengo wake si wa ine ndi inu.

Chachiwiri, chomwe anthu sachitchula nkomwe, ndi kuwala kosochera mkati mwa makina. Pa chithunzi cha mayi bwalo lonse ndi loyera mbee, kuwala kwakeko kumamwazika pa magalasi nkutayikira mumthunzi, makamaka ngati pagalasi pali fumbi kapena nkhungu, ndipo fumbi la kwathu kuno mu Okotobala mukulidziwa. Kakuwala kosochera kamodzi mwa 1,000 kokha nkokwanira kuti chilichonse chopyola density 3 chisokonekere, kaya ma bit ndi 16.

Zomwe ndachita ndi izi. Ndapukuta galasi bwinobwino, ndaphimba mbali zonse za slide ndi pepala lakuda kuti kuwala kusazembere mmphepete, kenako ndayatsa multi-sampling mu pulogalamu yosikanira ya VueScan, njira yomwe imawerenga malo amodzi kangapo nkutenga avereji. Kuwerenga ka 4 kumadula noise ndi theka, ka 16 imatsala kotala, koma nthawi yake mpaka nsima kuzizira, ndipo magetsi akathima pakati uyambirenso. Ndawonjezanso multi-exposure, sikani ina yachangu ya malo owala ina yochedwa ya mumthunzi nkuziphatikiza, ndikusunga mu TIFF ya 16 bit osati JPEG, poti JPEG ndi 8 bit.

Maluwa a pa duku sanatulukebe, koma dzulo usiku maso a mayi aoneka, ndi kakumwetulira kawo kaja ka mbali imodzi. Ndatumizira achemwali pa WhatsApp, anandiimbira nthawi yomweyo akulira.